Tsiku Limene Ndinataya Mwana Padzala

Mwana wanga wachitatu anabadwa mwezi wothyola fodya, mvula ili pakati, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija isanayambe. Tinkakhala kumudzi kwa amayi anga, pakati pa Nsaru ndi Nambuma, tsidya lino la dambo limene nthawi ya dzinja linkadzaza madzi mpaka m'chiuno. Ndikuti wachitatu, koma pakhomo panalibe woyamba kapena wachiwiri. Onse awiri tinali titawaika kale, wina atangoyamba kukwawa, wina asanamere ndi dzino lomwe. Choncho uyu atalira koyamba m'nyumbamo simunamveke nthungululu. Azamba anangoti, "Ndi wamkazi," motsitsa mawu ngati akuopa kuti wina panja amva.

Kwathu mayi akabereka amakhala m'chikuta, osatuluka m'nyumba mpaka mchombo wa mwana utagwa, ndipo kufikira tsiku limenelo mwanayo sakhala ndi dzina. Masiku a m'chikutawo sinditha kuwawerenga limodzilimodzi, anasakanikirana onse. Ndimakumbukira kuwala kolowera pakabowo ka denga. Kunkayenda pang'onopang'ono pakhoma, kutsikira pamphasa, kukwera paphazi la mwana, kenaka n'kuzimirira. Ndimakumbukira utsi wa m'chigafa cha amuna anga, momwe ankafukiza fodya wa chikopa, ukulowa pansi pa chitseko n'kumangoyandama m'nyumba osafuna kutuluka. Amuna angawo sankaloledwa kulowa. Ankadutsa kuseri kwa khoma n'kutsokomola kawiri, ine n'kutsokomola kamodzi, ndiye kuti tapatsana moni. Anali munthu wa mawu ochepa chibadwire, ndipo ukamwini unawachepetsanso mawuwo.

Ndinkagona osagona. Masana enieni, mvula ikuwaza padenga, ndinkaona ana anga awiri aja atakhala pakhomo, atandifulatira, akuseweretsa dothi. Ankaoneka aakulu kuposa mmene anafera, ngati kuti kumene anapitako akukula ndithu. Ndinkawaitana maina awo, maina okoma amene apongozi anga anayenda mtunda wautali kudzawatcha, koma iwo osacheuka. Ndikadzidzimuka ndinkapeza kuti ndi nkhuku chabe zabisala mvula pakhonde. Mantha ndinalibe. Ndinkangomva chisoni kuti maina abwino chotero anapita kumanda asanagwire ntchito.

Tsiku lina, kaya lachitatu kaya lachinayi, analowa amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi anga, amene mawu awo sankagwa pansi pambumba pathu. Anandipatsa phala, n'kukhala pansi atatambasula miyendo.

"Mwanawe, takambirana," anatero. "Uyu sitimutcha ngati anzake aja ayi."

"Nanga mumutcha bwanji, amayi?"

"Maina okoma aja ndiwo akutiitanira imfa. Ikamva dzina lokoma imati pakhomo apa pali chinthu chamtengo, n'kupatuka. Uyu tikamutaya kudzala."

Mwambowo ndinkaudziwa, ngakhale ndinali ndisanauonepo ndi maso. Pakhomo pakafa ana motsatizana, wobadwa pambuyo pake amakamugoneka m'mamawa padzala, pamene timataya phulusa ndi zinyalala. Abale onse amabisala, osayankhula, osatsokomola. Munthu wosakhala wa mbumbayo akadutsa amamutola, ndipo woyamba kumugwirayo ndiye amamutcha dzina: la zinyalala, la dothi, la chinthu chimene munthu sangachilirire. Imfa ikabwera kudzafunsa imapeza kuti pakhomopo palibe mwana, pali chotola chabe, n'kupitirira.

Ndinapsa mtima. Ine pakamwa ndinabadwa napo, ndipo uchembere sunandichepetse.

"Miyezi isanu ndi inayi yonseyi ndinasenza zinyalala, eti? Moyo wake wonse anzake azimuitana phulusa pachitsime?"

Amayi aakulu sanakweze mawu. "Kodi iwe ukufuna dzina kapena ukufuna mwana?"

Ndinayesa kubisala kumbuyo kwa tchalitchi, pakuti tonse tinali obatizidwa. Ndinati nanga aphunzitsi athu akamva kuti akhristu akuchita zotere adzati chiyani.

"Dzina la ubatizo akalipeza kumishoni ku Nambuma dambo likaphwa," anayankha. "Limenelo ndi la Lamulungu. Ife tikunena la masiku enawa."

Madzulo ake amuna anga atatsokomola kuseri kwa khoma sindinatsokomole. Ndinayankhula.

"Bambo, mwamva zimene akufuna?"

"Ndamva."

"Ndiye mukuti bwanji?"

Iwo anati, "Kwathu anatcha kawiri, ndipo kawiri konseko ndinakumba ndine. Alekeni eni mudzi ayeseko."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa a amayi aakulu. Ndinayang'ana mwana ali mtulo, timilomo tikuyamwa mphepo. Ndinkafuna kuti akhale moyo, ndinkafunanso kuti ndizimuitana ndi dzina losandichititsa manyazi pamaso pake, ndipo anthu onse ankandiuza kuti ziwirizi sizilowa m'dengu limodzi.

Wotola mwana anali atasankhidwa kale. Anali mayi wina wa mbumba ya kutsidya kwa njira, wonenepa, wansangala, wa ana asanu ndi anayi onse amoyo. Ankati manja ake ndi amwayi. Anamuuza tsiku, anamuuza njira yodzera, anamuuza ngakhale dzina lonyansa loti adzatchule. Kutola mwangozi kumeneko kunakonzedwa masiku atatu.

Mchombo unagwa, ndipo m'mawa mwake kusanatenthe azamba anameta mwana tsitsi. Ndinatulutsa kansalu katsopano kamene amuna anga anagula atagulitsa fodya wa chaka chatha, koma amayi aakulu anakabweza. Chotaya sachiveka chatsopano. Anamukulunga m'nsanza, n'kumuika m'lichero lothyoka. Anati ine nditsale m'nyumba. Ndinawauza kuti ngati akufuna nditsale andimange kumzati, ndipo anandileka.

Kunja kunali nkhungu. Inakwera kuchokera kudambo n'kuphimba mudzi wonse, moti nyumba zinkaoneka madenga okhaokha. Miyendo yanga inali itaiwala kuyenda, ndipo ndinkamva ngati ndikadali m'maloto a m'chikuta aja. Dzala lathu linali kuseri kwa nkhokwe. Nthawi ya dzinja simukanadziwa kuti ndi dzala, pakuti linamera bonongwe ndi maungu ongodzimerera, masamba aakuluakulu odzaza mame. Azamba anaika lichero pakati pa masambawo n'kubwerera osacheuka. Tinabisala kuseri kwa nkhokwe anthu anayi: azamba, amayi anga, amayi aakulu ndi ine. Ndinkasuzumira pakati pa miyendo ya nkhokwe. M'nkhungumo licherolo linkaoneka ngati likuyandama, ndipo ndinkangoti ndikaphethira lipita.

Tinadikira. Njiwa inalira kumtengo wa muwanga, inaleka, inayambanso. Mayi wa ana asanu ndi anayi uja osaoneka. Tinadzamva pambuyo pake kuti anapita kukasamba, n'kudzola mafuta a nsatsi, n'kuyamba kufunafuna mikanda yake ya m'khosi, kuti mwina imfa imuone atatchena. Nkhuku ina inafika padzalapo n'kuyamba kupalasa pafupi ndi lichero. Mwana anayamba kulira, poyamba pang'ono, kenaka ndi mphamvu yake yonse. Mkaka unatuluka wokha n'kunyowetsa nsalu yanga. Ndinafuna kudzuka, koma amayi aakulu anandigwira padzanja zolimba, zikhadabo zawo n'kulowa m'khungu.

Ndiye m'nkhungumo munatuluka munthu, koma sanali amene tinkamudikira. Anali amayi oumba mbiya, atanyamula kadengu kodzathyolera bonongwe.

Amayi amenewa anabwera m'mudzi mwathu chitengwa kuchokera cha kwa Kabudula ine ndili kamtsikana. Sanaberekepo. Amuna awo anapita ku Halale n'kutchona, ndipo iwo anangokhala, m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi, kumaumba mbiya ndi miphika. Kwathu mkazi amaitanidwa ndi dzina la mwana wake, ndiye iwo, popeza analibe, anthu ankangoti mtengwa uja mpaka imvi zinamera. Mbiya zawo tinkazikonda tonse, koma makanda sitinkawapatsa. Ankati manja awo ndi ozizira. Inenso ndinkatero, sindikana.

"Mayo ine," ananong'ona amayi aakulu. Koma kufuula sakanatha, chifukwa wa mbumba akangoyankhula imfa imadziwa kuti chotayacho chili ndi eni ake. Msampha anautchera okha, ndipo unawagwira okha.

Amayi oumba mbiya anaima. Anaona lichero, anayang'ana uku ndi uku, anayang'ananso kunkhokwe kumene tinali. Mwambo ankaudziwa, ndipo anadziwa kuti mwanayo sanaikidwire iwo. Anabwerera m'mbuyo mapazi awiri. Anatembenuka ndithu kuti azipita. Mwana analira kulira kuja kosowa nako mpweya, kumene khanda limatsegula pakamwa koma mawu osatuluka. Iwo anaimanso. Anaika kadengu pansi, anapukuta manja pachilundu chawo, anapukutanso, anapukutanso kachitatu, ndipo anawerama n'kumunyamula. Anamugwira ngati mbiya yosaotcha, ndi manja onse awiri, kutali pang'ono ndi chifuwa. Kenaka anamuyandikitsa, ndipo mwana anatonthola.

Tinazungulira msangamsanga kukakhala pakhonde, monga mwambo umafunira, ngati anthu osadziwa kanthu. Iwo anafika akuyenda pang'onopang'ono, mapazi ali mame okhaokha.

"Odi pano," anatero. "Ndatola chinthu padzala. Kodi mwini wake ndani?"

Amayi aakulu anali atatseka pakamwa ngati amwa mankhwala owawa. Azamba ndiwo anayankha pamapeto pake, "Sitikuchidziwa. Ndi chanu, chitcheni."

Nthawi yomweyo mayi wa ana asanu ndi anayi uja anatulukira pakona, akunyezimira mafuta, mikanda ili mbwee m'khosi.

"Ndafika, ndafika! Ali kuti mwana ndikamutole?"

Ndikanakhala pabwino ndikanaseka mpaka kugwa. Amayi aakulu anadzuka n'kunena kuti amulandire mwanayo ndi kumutcha iyeyo, koma azamba anakana.

"Wagwira wagwira. Mwambowu munaufuna nokha, musaudule pakati."

Ndiye amayi aakulu anatembenukira kwa amayi oumba mbiya n'kuyamba kuwathandiza ngati mwana wa sukulu. "Tchulani chilichonse chachabechabe, inu. Phulusa, chigamba, gaga wowola, chilichonse chimene mwaona padzalapo."

Iwo sanawayang'ane. Ankayang'ana mwana. Anthu anali atayamba kusonkhana kumpanda, ndipo amuna anga anaima pakhomo la chigafa, masamba a fodya ali m'manja. Nkhungu inali ikuchoka, dzuwa likungoyamba kugunda madenga. Kenaka amayi oumba mbiya anatchula dzina.

Sindililemba pano. Linali lalifupi, lofewa pakamwa, la chinthu chimene munthu amachidikira nthawi yaitali kenaka n'kufika. Linali lokoma kuposa a ana anga awiri aja.

"Mwatiphera mwana!" anafuula amayi aakulu. "Kodi mwapenga? Tinakulakwirani chiyani ife?"

"Ndilibe lina," anayankha motsitsa. "Lonyansa ndalifunafuna pompano, lakana kutuluka. Ili ndinabwera nalo chaka chimene ndinalowa m'mudzi muno. Ndinkati ndikadzabereka wamkazi ndidzamutcha limeneli. Ndimalitchula ndekha kudambo ndikamakumba dothi. Ngati mukulikana palibe kanthu, ndibwerera nalo."

Azamba anati wotola watcha, koma dzina limakhazikika mayi akalandira mwana n'kumuitana nalo. Ndikakhala chete ndiye kuti lagwa, ndipo mawa tikamugonekanso padzala. Maso onse anabwera kwa ine. Amayi aakulu anandinong'oneza kuti ndisayerekeze, ndikumbukire mitumbira iwiri ija.

Ndinaikumbukira. Ine amene ndinalimbana ndi mudzi wonse kufuna dzina lokoma, litafika ndinaliopa. Walira mvula walira matope. Ndinaonanso timisana tiwiri tija pakhomo. Ndinadzifunsa kuti kodi ndikufuna kudzaona titatu. Ndinayang'ana amayi oumba mbiya. Anali atatambasula kale manja kuti andipatse mwana, nkhope ili pansi, ngati munthu wozolowera kubweza zinthu za eni ake.

Sindidziwa kumene mawu anachokera. Ndinangomva ndikuyankhula.

"Amayi, dzinali si latsopano. Imfa yakhala ikulimva kudamboko zaka zonsezi. Imamva, imapatuka, imapeza palibe mwana. Imamvanso, imapatukanso, palibe mwana. Pofika lero inatopa nalo. Ikalimva pano ingoti ndi mtengwa uja akuyankhula yekha."

Anthu ena kumpanda anaseka. Azamba anagwedeza mutu n'kunena kuti zimenezo sanazimvepo, koma zili ndi mutu. Kunena zoona ine ndemwe sindinazikhulupirire zonse. Ndinali ndi mantha monga poyamba. Chimene sindikanatha n'kuwaona amayi aja akubwerera nalo dzinalo kukanyumba kawo.

Ndinatambasula manja. Pondipatsa mwanayo anawerama pafupi ndi khutu langa.

"Muliitane mokweza pang'ono," anatero. "Sindinalimvepo pakamwa pa munthu wina."

Ndinaliitana. Linatuluka mosasa, ndiye ndinaliitananso bwinobwino, moti ngakhale a kutsidya kwa njira anamva. Mwana sanachite kanthu, anangoyasamula. Amayi oumba mbiya anatseka maso, anakhala choncho kanthawi, kenaka anapita kukatenga kadengu kawo padzala.

Chaka chimenecho sindinagone tulo tabwino. Mwana akangotentha thupi, amayi aakulu ankandiyang'ana osanena kanthu, ndipo kuyang'anako kunkaposa mawu. Iwo dzinalo sanalitchule mpaka mwana atayamba kuyenda, ankangoti iwe, iwe. Dambo litaphwa tinapita naye ku Nambuma, analandira dzina lake la Lamulungu, ndipo tinabwerera nalo n'kulisunga bwino ngati nsalu ya paukwati. Mano anamera. Anakwawa, anaimirira, anayamba kuthamangitsa nkhuku. Anadwala chikuku n'kuchira. Kaya imfa inatopadi, kaya inali ndi ntchito kwina, ine sindidziwa, ndipo sindinafune kuifunsa.

Amayi oumba mbiya sanapemphepo kuti amubereke kumbuyo, ngakhale ndinkawapatsa. Ankamuumbira timiphika tamasanje, basi. Koma m'mawa uliwonse ankapezeka pafupi ndi mpanda wathu, tsache lili m'manja, akusesa njira imene sinali yawo. Poyamba sindinamvetse. Ndinadzazindikira kuti amasesa mpaka ine nditaitana mwana, ndipo ndikangoitana amaweramuka n'kumapita kudambo. Tsiku limene ndachedwa ankasesa malo amodzimodzi mpaka pansi kuyera. Kuyambira pamenepo ndinkaitana m'mawa uliwonse, ngakhale mwanayo ali pamwendo panga pomwe. Iye ankadabwa n'kumati, "Amayi, ndili pompano." Ine ndinkati ndikudziwa, ndimafuna ndione ngati makutu akugwira ntchito. Sitinakambiranepo za zimenezi ndi amayiwo, ngakhale tsiku limodzi.

Zaka zinapita choncho. Ndinabereka ena anayi, atatu anakhala. Amayi aakulu anamwalira. Msana wa amayi oumba mbiya unapindika, ndipo mbiya zawo zinayamba kuchepa msinkhu chifukwa dothi lambiri sankalithanso kusenza.

Kenaka mwana wanga anatha msinkhu. Kwathu mtsikana akakula n'kulangizidwa, dzina la paubwana limaikidwa pansi. Aliyense, ngakhale mayi wake, amamuitana ndi mfunda wa atate ake, ndipo kutchula lakale lija n'kumunyoza. N'chifukwa chake sindinalilembe: mwini wake ali moyo, ali ndi imvi ndi zidzukulu, ndipo akhoza kundizazira. Tsiku limene alangizi anamutulutsa ndinavina mpaka miyendo kuwawa. Mwana amene ndinamugoneka padzala anaima pakati pa bwalo, wamtali kundiposa. Za dzina sindinaganizeko n'komwe.

M'mawa mwake ndinatuluka kukataya phulusa, ndipo ndinamva tsache kumpanda. Anali amayi aja, atawerama, akusesa. Ankadziwa mwambo kuposa ine. Anali pabwalo dzulo lake, anamva ndi makutu awo alangizi akulengeza kuti dzina lija latha. Koma anabwera, ndipo ankasesa pang'onopang'ono, osandiyang'ana.

Mwana wanga anali atapita kuchitsime ndi anzake. Amuna anga anali kumunda. Ndinayang'ana uku ndi uku, panalibe munthu. Ndinaika phale la phulusa pansi, ndinatembenukira kuchimanga kumene kunalibe aliyense woti ayankhe, ndipo ndinaliitana mokweza, kawiri, monga ndinkachitira ali wamng'ono.

Tsache linaleka. Anaweramuka mmene msana unawalolera.

"Zikomo, amake mwana," anatero. "Mawa musavutikenso. Ndalimva mokwanira."